Mitutoyo 103-137: micrometer yoyamba ya wophunzira wolowa mpikisano wa lathe

Pa mpikisano wosema zitsulo pa lathe, makina ozunguza chitsulo kuti mpeni uchiseme, oweruza safunsa kuti mwana wakhetsa thukuta lochuluka bwanji. Amatenga chitsulo chomwe wasema, amachipukuta, amachisiya kuti chizizire, kenako amachiyeza. Ngati pulani inalemba kuti shafiti ikhale mamilimita 20 h7, ndiye kuti iyenera kugwera pakati pa 20.000 ndi 19.979 mm. Ikatuluka 19.975, malikisi apita, ngakhale chitsulocho chikuwala ngati galasi. Mpata wonse wololedwawo ndi 0.021 mm, pomwe tsitsi limodzi la m'mutu limanenepa pafupifupi 0.07 mm.

Ku Japan, bungwe la akuluakulu a masekondale ophunzitsa ntchito zamanja lakhala likuchititsa mpikisano wa dziko lonse wotchedwa Monozukuri Contest kuyambira mu 2001. Limodzi mwa magawo ake ndi la lathe yoyendetsa ndi manja: mwana amapatsidwa chitsulo cha mtundu wa S45C, amasemapo zigawo zingapo zokhala ndi taper (mbali yonka icheperachepera), mazinga (monga a pa bawuti) ndi knurling (timizere tokhakhala togwirira), ndipo pomaliza zigawozo ziyenera kulowana bwinobwino. Ku America kuli SkillsUSA, yomwe mpikisano wake waukulu umachitikira ku Atlanta mu June, ndipo pamwamba pa yonseyi pali WorldSkills, yomwe mu 2024 inachitikira ku Lyon, muli CNC Turning ndi CNC Milling, magawo osema pa makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Makina amasiyana, malamulo amasiyana, koma konseko mwana amapambana kapena kugwa pa muyeso. N'chifukwa chake tikuunika chida choyezera osati lathe. Kwa mphunzitsi wa Metalwork kusekondale, kapena wa General Fitting ku koleji ya ntchito zamanja monga ya Lilongwe, funso ndi lomwelo: ndalama zikakhala zochepa, muyambe kugula chiyani?

Yankho lathu ndi micrometer wamba iyi, yopanda batire, ya Mitutoyo nambala 103-137, chida choyezera kunenepa kwa chinthu pochifinya pakati pa nkhope ziwiri. Ili ndi zofooka zake, ndipo tizitchula.

Kampani ya Mitutoyo inayambitsidwa ndi Yehan Numata mu 1934, ndipo micrometer ndiyo inali katundu wake woyamba. Mtundu wa 103-137 umayeza kuyambira 0 mpaka 25 mm, mzere uliwonse ukuimira 0.01 mm. Kampaniyo imalonjeza kuti siiphonya kuposa 0.002 mm uku kapena uku. Nkhope ziwiri zomwe zimakhudza chitsulo, ya anvil yosayenda ndi ya spindle yoyenda, zinaikidwa carbide, chinthu cholimba kuposa chitsulo wamba, choncho sizidyeka msanga m'manja mwa ana ambiri. Spindle yake ndi yonenepa 6.35 mm. Pali loko yomangira spindle, ratchet kumapeto, ndipo m'bokosi mumabwera kasipanala kakang'ono kokhala ndi kadzino. Kasipanalako musakataye. Kakatayika, ana amayamba kupotokola sleeve, kampope kosayenda kolembedwa mizere, ndi pulayala, ndipo chidacho chimathera pomwepo.

Manambala analembedwa pa chitsulo chosanyezimira, moti pansi pa getsi la m'wekishopu maso savutika. Mukatembenuza thimble, chogwirira chozungulira chomwe chimayendetsa spindle, mumamva kuti mazinga akuyenda mosalala kuchokera koyamba mpaka kumapeto, popanda polimba kapena pokhwepa. Ma micrometer ambiri otchipa amaonekera pamenepa: amalimba pa 5 mm, amamasuka pa 15 mm, ndipo mphamvu yomwe akufinyira chitsulo imasintha malinga ndi pomwe mwafika.

Ena afunsa: bwanji osagula caliper ya digito, yomwe imayeza kunja, mkati ndi kuya, komanso imasonyeza 0.01 mm pagalasi? Caliper ndi yofunika, ndipo mwana aliyense akhale nayo. Koma zomwe galasi likusonyeza si zomwe chidacho chingalonjeze. Caliper yabwino ya 150 mm, ngakhale ya Mitutoyo yomweyo, imaloledwa kuphonya 0.02 mm uku kapena uku. Pa shafiti ya 20 h7 ija, kuphonya kwa chidacho kwadya kale mpata wonse. Chifukwa chake chili m'kapangidwe. Nsagwada za caliper zimalendewera pansi pa mzere wa manambala, ndiye kakugwedera kalikonse ka mbali yoyenda kamapendeketsa nsagwada, ndipo mukafinya kwambiri ndi chala chachikulu nambala imatsika. Mu micrometer, mazinga oyezera ali mumzere umodzi ndi chinthu chikuyezedwacho. Mfundo imeneyi anaifotokoza Ernst Abbe wa ku Jena mu 1890, ndipo palibe batire yomwe ingaisinthe. Amisiri ali ndi lamulo lakale loti chida choyezera chikhale chodalirika kakhumi kuposa mpata wololedwa. Pa mpata wa 0.021 mm, micrometer ya 0.002 mm ili pamalo ake.

Kuwerenga kwake n'kosavuta, koma m'pomwe pali msampha waukulu wa chida ichi. Mazinga a spindle ndi a 0.5 mm, ndiye thimble ikazungulira kamodzi spindle yayenda theka la milimita. Thimble ili ndi mizere 50. Pa sleeve pali mizere ya mamilimita athunthu mbali imodzi ndi ya matheka mbali inayo. Mumawerenga mzere womaliza woonekera pa sleeve, kenako n'kuwonjezera nambala ya thimble. Mzere wa 7 ukuoneka, watheka sukuoneka, thimble ili pa 38: ndi 7.38. Watheka ukuoneka: ndi 7.88. Mwana wofulumira amaiwala kuyang'ana wathekawo, n'kuphonya ndi 0.5 mm yathunthu. Choopsa kwambiri chimachitika thimble ikakhala pa 46 mpaka 49, pamene mzere wotsatira wa pa sleeve wayamba kusuzumira. Muyeso weniweni ndi 7.97, koma mwanayo waona m'mphepete mwa mzere wa 8, n'kuwerenga 8.47. Amabwerera pa lathe kukachotsa theka la milimita lomwe kulibe. Mankhwala ake ndi amodzi: ayambe wayeza ndi caliper kuti adziwe kuti ali cha pati, kenako micrometer imuuze manambala awiri omaliza. Aziyang'ananso mzerewo molunjika, osati cham'mbali, chifukwa m'mphepete mwa thimble muli pamwamba pang'ono pa sleeve ndipo diso lopendekeka limasuntha nambala.

Ratchet inaikidwa kuti aliyense afinye ndi mphamvu yofanana, pakati pa 5 ndi 10 N. Njira yake: bweretsani spindle ndi thimble mpaka itatsala pang'ono kukhudza, kenako gwirani ratchet, tembenuzani pang'onopang'ono mpaka ilire katatu. Liwu lofunika ndi "pang'onopang'ono". Mwana akaizunguza mwaliwiro, kulemera kwa thimble kumapitiriza kukankha ngakhale ratchet yalira, ndipo muyeso umatsika ndi ma micron angapo (micron imodzi ndi 0.001 mm). Kuti muone ngati dzanja lakhazikika, m'patseni pini yolimba imodzi, aiyeze kakhumi, mnzake azilemba. Manambala onse akagwera mkati mwa theka la mzere, wakonzeka. Akamwazikana mizere iwiri, asakhudze kaye ntchito ya mpikisano.

Ziro ayang'anidwe tsiku lililonse ntchito isanayambe, komanso chida chikagwa kapena kugundidwa. Lowetsani pepala loyera pakati pa nkhope ziwirizo, lifinyeni pang'ono, likokeni. Kafumbi ndi oyilo zimachoka nalo. Tsekani ndi ratchet. Ngati ziro waphonya ndi mzere umodzi kapena kuchepera apo, mangani loko, lowetsani kadzino ka sipanala m'kabowo ka kuseri kwa sleeve, n'kutembenuza sleeve mpaka mizere ikumane. Ngati waphonya kwambiri, masulani ratchet ndi sipanala yomweyo, kankhirani thimble kumbuyo kuti imasuke pa taper yake, ikhazikeni pa ziro, mangani. Koma kuphonya kwakukulu kobwera mwadzidzidzi nthawi zambiri kumatanthauza kuti chidacho chinagwa ndipo felemu yapindika. Pamenepo ziro wabwino amabisa vuto, chifukwa nkhope ziwirizo sizikuyang'anananso molunjika. Sukulu yomwe ili ndi ma gauge block, tizitsulo ta muyeso wodziwika bwino toyesera zida, iyese pa 2.5, 5.1, 7.7, 10.3, 12.9, 15.0, 17.6, 20.2, 22.8 ndi 25.0 mm. Manambala osamveka bwinowa anasankhidwa dala, kuti spindle iziima pa mbali zosiyanasiyana za kuzungulira kwake. Mukangoyesa pa 5, 10 ndi 15, thimble imabwerera pamalo amodzimodzi ndipo kupendekeka kwa nkhope sikuoneka.

Tsopano nkhani ya kutentha, yomwe imagwetsa ana aluso kuposa china chilichonse.

Miyeso yonse ya pa pulani imawerengedwa pa madigiri 20. Chitsulo chimafufuma pafupifupi 0.0115 mm pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Zikuoneka zochepa, koma shafiti ya 20 mm yomwe yangosemedwa mwamphamvu ndipo yatentha madigiri 30 kuposa micrometer imaoneka yonenepa ndi 0.007 mm, gawo limodzi mwa atatu a mpata wonse. Pa 50 mm kusiyanako ndi 0.017 mm, pomwe mpata wa h7 pamenepo ndi 0.025 mm. Mwana amasema mpaka nambala yomwe akufuna, chitsulo chili chotentha, akumwetulira. Chikafika patebulo la oweruza chazizira, chachepa, ndipo chitsulo chochotsedwa sichibwezeredwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: akamaliza kusema kochotsa chitsulo chambiri, apite ku gawo lina la ntchito, kapena athirire coolant, madzi oziziritsira, mpaka chitsulocho chisamveke chofunda kuseri kwa chala. Makina akhale ataima pochikhudza.

Pali mfundo yomwe aphunzitsi ambiri amaisokoneza. Kutentha kwa chipinda pakokha si vuto lalikulu pa chitsulo. Wekishopu ya malata mu October ikafika madigiri 35, micrometer ndi shafiti zonse zafufuma pafupifupi mofanana, pakuti zonse ndi zachitsulo, ndipo muyeso umakhalabe woona. Choopsa ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa ziwirizi. Pa aluminiyamu nkhani imasintha, chifukwa imafufuma kawiri kuposa chitsulo: pa madigiri 35, chidutswa cha 50 mm chimaoneka chachikulu ndi pafupifupi 0.009 mm ngakhale chitazizira kufanana ndi chipinda.

Apa ndi pomwe 103-137 ili ndi chofooka chenicheni. Felemu yake ndi yopentedwa chabe, ilibe chotchinga cha pulasitiki choteteza ku kutentha kwa dzanja. Mwana akaifumbata m'chikhatho mphindi zingapo akuganiza, felemu imafunda ndipo ziro amasuntha. Pa 0 mpaka 25 mm kusunthako n'kochepa, koma pa zazikulu za mtundu womwewu kumakula. Mtundu wa 102 wa kampani yomweyo uli ndi chotchingacho. Ngati mtengo ukusiyana pang'ono, tengani 102. Ngati ayi, phunzitsani ana kuigwira ndi nsonga za zala, kuyeza, n'kuibwezera pansalu yake, kutali ndi headstock, mutu wa lathe wozunguza chitsulo, yomwe imatentha.

Micrometer yabwino imaonetsa phindu lake pa kudula kuwiri komaliza. Tibwerere ku shafiti ya 20 h7. Musalunjike pa 20.000, lunjikani pakati pa mpata, pa 19.99. Semani mpaka patatsala pafupifupi 0.8 mm pa dayamita, siyani chizizire, yezani. Tinene kuti mwapeza 20.79. Zotsala ndi 0.80. Gawani pawiri mofanana: lowetsani 0.40 pa dayamita, kutanthauza 0.20 mbali imodzi, ndi mpeni wa nsonga ya 0.2 mm. Dulani, imitsani makina, yezani. Mwina mupeza 20.40 m'malo mwa 20.39. Zotsala ndi 0.41, lowetsani zomwezo, osasintha liwiro kapena feed, mayendedwe a mpeni. Popeza kudula kwachiwiri kukulemera mofanana ndi koyamba, mpeni ndi shafiti zimagonja mofanana, ndipo zomwe mwalowetsa ndi zomwe zimachoka. Ana ambiri amachita zosiyana. Amaopa, amayandikira pang'onopang'ono, pomaliza amafuna kuchotsa 0.01 mm yokha. Nsonga ya carbide siiluma chitsulo chochepa chotere. Imangokhuza, osachotsa kanthu, mwana amawonjezera, kenako mpeni umaluma zonse pamodzi ndipo shafiti yatsika pansi pa malire.

Zinthu ziwiri za pa lathe ziyenera kudziwika mpikisano usanayambe, makamaka pa makina achilendo. Choyamba, dayo ya cross slide (gawo lolowetsa mpeni m'chitsulo) ya makina ena imawerenga pa dayamita, ya ena imawerenga mbali imodzi. Yesani pa chitsulo chotayika: lowetsani mizere 10, dulani, micrometer ikuuzeni kuti zachoka zingati. Chachiwiri, mazinga a cross slide ali ndi kampata. Mukapitirira nambala, musangobwerera mzere umodzi. Bwererani theka la kuzungulira kapena kuposa, n'kuyandikiranso kuchokera mbali yomweyo.

Poyeza, chuck, chopanira chitsulo pa lathe, ikhale itaimiratu. Micrometer yoikidwa pa chitsulo chozungulira imadyeka nkhope, ndipo ikagwidwa imakoka dzanja. Pukutani shafiti, chotsani kansonga kotsalira m'mphepete ndi tupa yosalala, chifukwa kansonga ka 0.02 mm kamanamiza muyeso wonse. Yezani malo atatu, pafupi ndi chuck, pakati ndi kumapeto, ndipo pamalo aliwonse yezani kawiri, mopingasa. Kumapeto kukakhala konenepa pa shafiti yopanda chochirikiza, ndiye kuti ikugonja pothawa mpeni, zomwe zimayamba kutalika kukaposa dayamita katatu kapena kanayi. Ngati yachirikizidwa kumapeto ndi nsonga ya centre koma mbali imodzi ikusiyanabe, tailstock yonyamula nsongayo siili pamzere. Werengani nambala chida chikadali pa shafiti. Chizolowezi chomanga loko n'kuisolola mwamphamvu chimakanda ntchito ndipo chimatsegula felemu.

Pali zomwe 103-137 singachite, ndipo wogula azidziwe. Imathera pa 25 mm, pomwe ntchito za mpikisano zimakhala ndi madayamita oposa pamenepo, ndiye mudzafunanso 103-138 ya 25 mpaka 50 mm, mwinanso ya 50 mpaka 75. Zazikuluzi sizitsekeka mpaka ziro, zimabwera ndi kandodo koyezera ziro, komwe nakonso kamasowa msanga pasukulu. Siilowa m'ngalande yopapatiza kuposa 6.35 mm: pamenepo pamafunika micrometer ya nsonga zaphanthiphanthi. Siiyeza bowo: pa bowo la H7 mufunika bore gauge, kapena telescopic gauge yomwe mumadzaiyeza ndi micrometer yomweyi, ntchito yofuna dzanja lozolowera kwambiri. Siiona kupendekera kwa gawo la eccentric (losemedwa mosalunjika pakati pa shafiti), komwe kumafuna dial gauge, chida choyezera chokhala ndi muvi ngati wotchi, ndi chuck ya nsagwada zinayi, pokumbukira kuti muvi umayenda kawiri kuposa kupendekera komwe pulani ikufuna. Ndipo pali bodza lina lomwe chida chilichonse chokhudza malo awiri chimanena. Bushi yopyapyala yofinyidwa mu chuck ya nsagwada zitatu imatuluka ndi timapiri titatu ikamasulidwa. Micrometer imapereka nambala pafupifupi yofanana kulikonse mungaizungulize, koma bushiyo si yozungulira ndipo ikana kulowa. Izi zimaoneka mukaigoneka pa V-block, chitsulo cha ngalande yonga V, n'kuiyeza ndi dial gauge.

Mazinga imatha kuyeza mothandizidwa ndi mawaya atatu. Pa mazinga a madigiri 60, waya woyenera ndi pitch, mtunda wa pakati pa mazinga awiri oyandikana, kuchulukitsa ndi 0.577. Pa M20 × 1.5 ndi waya wa 0.866 mm, awiri mbali imodzi, m'modzi mbali inayo, ndipo muyeso wa pamwamba pa mawayawo ndi pafupifupi 20.32 mm pa mazinga osachotserapo mpata, pomwe a kalasi ya 6g amatsikirako pang'ono. Kadontho ka girizi kamagwira mawayawo kuti asagwere m'zinyenyeswa. Njira imeneyi ndi yochedwa, koma imaphunzitsa mwana kuti nati kungolowa si umboni woti mazinga ali bwino.

Nanga micrometer ya digito, monga ya mtundu wa 293 yosonyeza 0.001 mm? Imathetsa msampha wa theka la milimita, imafulumira, ndipo pa tsiku la mpikisano, ngati malamulo akulola, ili ndi malo ake. Koma ndi yodula kwambiri, imadalira batire ya SR44, ndipo batani la ziro likadinidwa mwangozi, manambala onse otsatira amanama molimba mtima. Mwana yemwe anayambira pa 103-137 amadziwa kuti 0.01 mm ndi mtunda wotani pa thimble, amamva ndi zala pamene nkhope yakhala mopendekeka. Kusamukira ku ya digito kumamutengera tsiku limodzi. Woyambira pa digito akapatsidwa yamizere amasowa pogwira. Onetsetsaninso kuti mukugula ya mamilimita. Pali zofanana nayo maonekedwe za mainchi, zogwiritsidwa ntchito kwambiri ku America, zomwe thimble yake ili ndi mizere 25 ndipo kuzungulira kumodzi ndi 0.025 ya inchi.

Dzina la Mitutoyo limaberedwa kwambiri, makamaka m'misika ya pa intaneti, ndipo kampaniyo inachenjezapo za katundu wachinyengo. Mtengo wotsika modabwitsa ndi chizindikiro choyamba. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo ikafika iyeseni pa ma gauge block musanaipereke kwa ana. Yogwiritsidwapo kale ingakhale yabwino ngati nkhope za carbide sizinabenthuke ndipo spindle siigwedera mukaikankha uku ndi uku. Kugwedera pang'ono kumatheka kukonza: tulutsani spindle yonse, mkati muli nati yomwe mumaimanga pang'ono ndi kasipanala kaja mpaka kugwedera kuthe koma mazinga akuyendabe momasuka.

Mdani wake wamkulu ndi dzimbiri, makamaka m'nyengo ya dzinja, chifukwa siinapangidwe kuti izinyowa ndi coolant. Pomaliza ntchito ipukutidwe ndi nsalu youma, spindle ipakidwe oyilo wopepuka pang'ono, osati girizi kapena oyilo wa injini yemwe amalimbitsa mazinga n'kusokoneza ratchet. Posunga, nkhope ziwirizo zisagundane: siyani mpata wa pakati pa 0.1 ndi 1 mm, loko ikhale yomasula, chida chibwerere m'bokosi lake osati m'dilowa momwe muli matupa ndi masipanala. Pa timu ya ana anayi, tingayambe ndi 103-137 ziwiri, 103-138 imodzi, caliper ya aliyense, ndi dial gauge imodzi yokhala ndi choimikira cha maginito. Micrometer iliyonse ilembedwe nambala pa bokosi lake, ndipo mwana yemwe adzapite ku mpikisano aziyeserera ndi yomweyo yomwe adzanyamule tsikulo.